Mbale Ziwiri, Mthiko ndi Bokosi la Machesi

Teremu yoyamba ya Fomu 1 itatha, mwana wathu wachisamba anafika ndi sukulu lipoti yake n'kuilowetsa pansi pa wailesi osauza munthu. Tinaipeza patapita masiku awiri tikupukuta fumbi. Chichewa anali atakhoza bwino, Chingerezi chimodzimodzi, zaulimi ndiye osanena. Koma pamzere wa masamu panali malikisi 23 pa 100, ndipo pambali pake aphunzitsi analembapo ndi bolopeni yofiira kuti alimbikire.

Nambalayo payokha sinatiopse kwambiri, pakuti mwana akasintha sukulu zotere zimachitika. Chimene chinatilasa mtima ndi yankho lake titamufunsa. Mtsikanayu ndi amene ankatiwerengera ndalama tikagulitsa mtedza, ndipo mayeso a Sitandade 8 anakhoza mpaka kusankhidwira kusekondale. Koma tsiku limenelo anazyolika n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, masamu a manambala ndimawatha. Kusukulu kwabwera masamu a zilembo. Mutu wangawu si wa zimenezo." Mwana wa zaka 13 anali atadziweruza kale, mlandu n'kuutseka.

Teremu yachiwiri itayamba, kunabwera vuto lina. Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa ankadzuka akudandaula mutu. Ife pokhala anthu othandiza nawo pa zaumoyo m'dera lathu, tinayamba ndi zimene timalangiza anzathu. Tinapita naye kuchipatala, anamuyeza malungo, sanawapeze. Anamuyeza maso, ali bwinobwino. Tinaonetsetsa kuti akumwa madzi okwanira, akumwa phala asananyamuke, ndipo akugona nthawi yabwino. Mutu osasiya. Tsiku lina tikumukutira makope tinaona ndandanda wa maphunziro umene anamata mkati mwa chikuto. Lachiwiri ndi Lachinayi ndi masiku amene masamu ankakhala mapiriyodi awiri otsatizana m'mawa. Mwanayo sankanama ayi. Mutu unkamupwetekadi, koma gwero lake linali mantha.

Lamulo limene tinaloweza osalimvetsa

Tinagwirizana ndi bambo ake kuti tizimuthandiza madzulo. Tonse awiri tinafika Fomu 4, choncho tinkaona ngati ntchitoyi ndi yochepa. Tinamuphunzitsa mmene ifenso anatiphunzitsira m'zaka za m'ma 1990, kuti nambala ikawoloka chizindikiro cha = kupita tsidya lina imasintha: yophatikiza imasanduka yochotsera, yochotsera imasanduka yophatikiza. Tinamupatsa x + 5 = 12. Anawolotsa 5 uja, napeza 7. Tinamuwombera m'manja.

Kenaka tinamupatsa 3x = 12. Analemba x = 12 − 3, yankho 9.

"Iwe, wachita bwanji pamenepa?" anafunsa bambo ake, mawu atayamba kukwera.

"Paja mwati ikawoloka isinthe, Abambo. Pa 3 palibe chizindikiro chochotsera, ndiye kuti ndi wophatikiza. Ndamuwolotsa, wasanduka wochotsera."

Mwanayo anali atatsata lamulo lathu ndendende. Tinamuuza kuti apa pamafunika kugawa. Anafunsa chifukwa chake, ndipo ife tinalibe yankho loposa lakuti ndi mmene zimakhalira. Munthu akasowa yankho amakweza mawu. Usiku umenewo unatha ndi misozi, kope litanyowa, ife tikulankhula mawu amene timachita nawo manyazi mpaka lero, akuti anzako akumva, iwe wekha chavuta n'chiyani. Titapita kogona tinavomerezana chinthu chowawa. Ifeyo mayeso tinakhoza poloweza malamulo, koma chifukwa chimene nambala imasinthira ikawoloka sitinachidziwepo. Tinkafuna kupatsa mwana chinthu chimene ifenso tinalibe.

Zimene tinaona kusikelo

Thandizo linachokera kumene sitinkayembekezera. Mwezi uliwonse timathandiza alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo ya ana osapitirira zaka zisanu. Ntchito yathu ndi kuitana mayina, kulemba m'mabuku a ana ndi kukhazika amayi pamzere. Tsiku lina kamwana kena kanakana kwamtuwagalu kulowa m'kabudula wa sikelo yopachika ija. Kanalira, kuphiriphitha, muvi wa sikelo osakhazikika. Alangizi anauza mayi ake kuti akwere sikelo yoponda atakanyamula. Inawerenga makilogalamu 67. Mayiyo anapatsira mwanayo mnzake, nakweranso yekha, sikelo n'kuwerenga 58. Tisanagwire n'komwe bolopeni, amayi atatu a pabenchi anayankhira pamodzi kuti, "Nayini!"

Ena mwa amayi amenewo sukulu analekezera Sitandade 4. Koma zimene anachita pamenepo ndi zomwe zinkaliza mwana wathu kunyumba. Kulemera kwa kamwanako sikunkadziwika, ndiye tikutche x. Mwana ndi mayi ake pamodzi anakwana 67. Pachikuto cha kope lathu tinalemba x + 58 = 67. Apa palibe nambala imene inawoloka mtsinje. Amayiwo m'maganizo mwawo anachotsa mayi pa zimene zinali pasikelo, nachotsanso 58 pa nambala imene sikelo inawerenga. Mbali iyi kunatsala mwana, mbali inayo kunatsala 9.

Tinabwerera kunyumba tikuganiza kuti mwina vuto la mwana wathu silinali pa zilembo, koma pa timizere tiwiri tija ta =. Madzulo tinalemba papepala 8 + 4 = __ + 5, n'kuuza ana athu awiri kuti adzaze pampatapo. Mtsikana analemba 12. Mlongo wake wa Sitandade 6 analemba 17, ataphatikiza manambala onse atatu. Yankho loona ndi 7, chifukwa 8 + 4 ndi 12, ndipo 7 + 5 ndi 12 yemweyo. Onse awiri ankawerenga chizindikirocho ngati chikunena kuti yankho lilembedwe apa. N'zosadabwitsa, pakuti kuyambira Sitandade 1 mwana amaona samu kumanzere, yankho kumanja, kambirimbiri. Sanagwire mfundo yakuti = amatanthauza kuti za kumanzere n'zolingana ndi za kumanja, monga sikelo ya mbale ziwiri ya m'golosale ikakhala yosapendekeka. Mwana amene sanamvetse zimenezi, algebra yonse imamuonekera ngati matsenga.

Makolo anzathu, ngati muli ndi mwana wa pakati pa Sitandade 6 ndi Fomu 2, muyeseni ndi kasamu kameneka madzulo ano. Sikatenga mphindi imodzi, koma kadzakuuzani poyambira.

Sukulu ya pakhonde

Lamulungu m'mawa titatha kuchapa, tinayala mphasa pakhonde. Poyamba tinayesa kupanga sikelo yeniyeni ndi hang'ala ya zovala, zingwe ndi zitini ziwiri, koma inatikanika. Bokosi la machesi lili ndi kulemera kwakekwake, ndiye sikeloyo inkapendekeka ngakhale samu ili yolondola. Tinaisiya. Tinatenga mbale ziwiri za ndiwo, pakati pake n'kugoneka mthiko. Mthikowo ndiye =. Tinatenganso nyemba zouma ndi mabokosi a machesi opanda kanthu. Bokosi ndiye x: muli nyemba, koma sitikudziwa kuti zingati.

Tinapangana zinthu ziwiri. Choyamba, mabokosi onse a m'samu imodzi amakhala ndi nyemba zofanana. Chachiwiri, mbale ziwirizo zili ndi nyemba zolingana ndipo ziyenera kukhalabe zolingana, choncho chimene wachita ku mbale iyi uchitenso ku inayo. Lamulo lina panalibe.

Tinamuuza kuti atembenuke, ife n'kuika nyemba 7 m'bokosi. M'mbale ya kumanzere tinaikamo bokosilo ndi nyemba 5 zapoyera. M'mbale ya kumanja tinaikamo nyemba 12.

"M'bokosimo muli zingati, mwanangu? Usatsegule."

"Zisanu ndi ziwiri," anayankha msangamsanga.

"Wadziwa bwanji? Tionetse ndi manja."

Anachotsa nyemba 5 kumanzere kuti bokosi litsale lokha. Anaima kaye, natiyang'ana, kenaka anachotsanso 5 kumanja. Zinatsala 7. Anatsegula bokosi, nawerenga, zinalidi 7. Kutsegula bokosiko kunathandiza kuposa mmene tinkaganizira. Amene ankanena kuti wakhoza sanalinso bambo ake kapena ife, koma nyembazo.

Kenaka tinabwerera ku samu ija inamuliza. Mabokosi atatu kumanzere, nyemba 12 kumanja. "Chotsa 3 monga unachitira tsiku lija," tinatero. Anayang'ana m'mbale n'kuseka. "Ndichotse chiyani, Amayi? Kumanzereku kulibe nyemba zitatu. Kuli mabokosi atatu." Anagawa nyemba 12 zija m'timilu titatu, kamulu kalikonse moyang'anizana ndi bokosi lake: 4, 4, 4. Apa m'pamene anaona ndi maso ake kuti 3x ndi mabokosi atatu, kutanthauza 3 kuchulukitsa ndi x, osati 3 kuphatikiza x. Kuphatikiza kumamasulidwa ndi kuchotsera, koma kuchulukitsa kumamasulidwa ndi kugawa. Tinatulukiranso cholakwa china chimene chinkabisala. Tikamuuza kuti x ndi 4, ankalemba 3x ngati 34, poganiza kuti manambalawo angogundizana. Mabokosi anachithetsa chimenechonso tsiku lomwelo.

Lamulungu lotsatira tinaika mabokosi awiri ndi nyemba 3 kumanzere, nyemba 11 kumanja: 2x + 3 = 11. Anafuna kuyamba ndi kugawa, koma 11 ndi 3 zinamuvuta kuzigawa pawiri popanda kuswa nyemba. Kuyamba ndi kugawa sikulakwa, bola ugawe chilichonse cha m'mbale, koma ndi njira yaminga. Tinamukumbutsa za katundu wa panjinga. Bambo ake akamapita kuchigayo amayamba kukweza thumba, pomaliza n'kumanga chingwe. Akafika sayamba kutsitsa thumba chingwe chili chimangire. Chimene chinamangidwa pomaliza ndicho chimayamba kumasulidwa. Pa 2x + 3, x anayamba wachulukitsidwa ndi 2, pomaliza n'kuphatikizidwa ndi 3. Ndiye timayamba kuchotsa 3 mbali zonse, kutsala 2x = 8, kenaka kugawa pawiri mbali zonse, x = 4.

Samu yokhala ndi zilembo mbali zonse ziwiri, imene m'kope inkaoneka ngati chilombo, pambale inafewa. Titenge 5x + 2 = 3x + 12. Uku kuli mabokosi asanu ndi nyemba 2, uko kuli mabokosi atatu ndi nyemba 12. Popeza mabokosi onse ndi ofanana, anachotsa atatu uku, atatu uko, osawatsegula. Anatsala ndi 2x + 2 = 12, mtundu wa samu umene ankaudziwa kale. Anachotsa 2 mbali zonse, kutsala 2x = 10, nagawa pawiri, x = 5.

Kuchoka pambale kupita m'kope

M'chipinda cha mayeso salola nyemba, choncho zimene manja anaphunzira zinayenera kulowa m'kope. Tinayamba motere: iye akugwira nyemba, ife tikulemba zimene wachita, chochita chimodzi mzere umodzi. Kenaka tinkasinthana, ife pambale, iye pakope. Nthawi zina tinkalakwitsa dala, kuchotsa nyemba mbale imodzi yokha, ndipo iye ankakuwa kuti, "Amayi, mwaibera mbale iyi!" Mwana akafika pogwira kholo lake likulakwitsa, dziwani kuti wamvetsa. Patapita milungu iwiri mbale tinazibweza kukhitchini. Anayamba kujambula timabokosi ndi timadontho m'kope, ndipo pambuyo pake zilembo zokha, motere:

2x + 3 = 11
2x + 3 − 3 = 11 − 3
2x = 8
x = 4

Mzere wachiwiriwo tinaumirira kuti azilemba nthawi zonse, ngakhale ankati ukumuchedwetsa, ndiponso kuti chizindikiro cha = chizikhala pansi pa chinzake, monga mthiko sunkasuntha pamphasa.

Pali malire amene nyemba sizingadutse, ndipo ndi bwino kholo liwadziwiretu. Samu ngati x − 4 = 9 siikika bwino pambale. Apa tinagwiritsa ntchito ngongole, chinthu chimene mwana aliyense wotumidwa kugolosale amachidziwa. Uli ndi ndalama zina m'thumba, wabweza ngongole ya 4, watsala ndi 9. Unali ndi zingati? Bwezera 4 uja mbali zonse, upeza 13. Yovuta kwambiri inali x + 7 = 3. Anachotsa 7 kumanzere, koma kumanja kunali 3 yekha, ndipo anati samuyi aphunzitsi ailakwitsa. Tinamufotokozera za munthu amene walandira 7, koma atakonza za kumbuyo m'manja mwake mwatsala 3. Asanalandire anali pati? Anali ndi ngongole ya 4. Ndiye x ndi −4. Tinajambulanso mzere wa manambala ndi khala pasimenti, 0 pakati, kuti aziyenda ndi mapazi: aime pa 3, abwerere m'mbuyo masitepe 7, aone pamene wafika. Manambala a pansi pa 0 anatitengera milungu itatu, ndipo tikukhulupirira kuti ana ambiri amene amati algebra ikuwavuta agwera pamenepa. Za magawo, monga x/4 = 6, zinali zopepukirapo. Tagawira ana anayi mtedza, aliyense walandira 6, unalipo ungati? Kugawa kumamasulidwa ndi kuchulukitsa, ndiye unalipo 24.

Chida chimene chinathetsa mantha kwenikweni ndi kutsimikiza yankho. Mabokosi atachoka, tinamuonetsa kuti angathe kutsegulabe bokosi ndi pensulo. Wapeza x = 5 pa 5x + 2 = 3x + 12? Bwezera 5 pamalo pa x. Kumanzere, 25 kuphatikiza 2 ndi 27. Kumanja, 15 kuphatikiza 12 ndi 27. Mbale zalingana, wakhoza, ndipo sukufunikanso kudikira bolopeni yofiira kuti ikuuze. Zikapanda kulingana, ndiye kuti pali mzere umene mbale imodzi yaberedwa, bwerera ukaupeze. Mwana amene ankapereka kope mtima ukugunda anayamba kulipereka akudziwa kale zimene zili m'menemo.

Kunatsala masamu a nkhani, amene kusukulu amabwera m'Chingerezi. Tinaona kuti nthawi zambiri chomugwetsa chinali chilankhulo, osati samu. Tinamuzoloweza kuti ayambe wainena nkhaniyo m'Chichewa, kenaka adzifunse funso limodzi: bokosi ndi chiyani apa? Tinkapekanso nkhani zathu za pakhomo. Takutuma kumsika ndi K5,000, wagula sopo wa K2,000 ndi milu itatu ya tomato, chenji palibe. Mulu umodzi unali ndalama zingati? Bokosi ndi mtengo wa mulu umodzi, ndiye 3x + 2,000 = 5,000. Chotsa sopo mbali zonse, 3x = 3,000, mulu umodzi K1,000. Yankho ankalidziwa asanalembe n'komwe, ndipo ife tinkafuna zomwezo, kuti aone kuti zilembo zikungolemba zimene mutu wake umachita kale.

Tinali ndi nkhawa yakuti mwina tikumusokoneza pomuphunzitsa njira yosiyana ndi ya kusukulu. Safunsa anadya phula, choncho tinapita kukaonana ndi aphunzitsi ake a masamu. Tinapeza munthu waulemu, wokhala ndi kalasi yodzaza mwakuti kuyendera kope la mwana aliyense m'piriyodi imodzi n'kosatheka. Anayang'ana kope la mwanayo natiuza kuti njira ziwirizi ndi imodzi, ndipo kulemba mzere uliwonse kumapezetsa malikisi ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Anatiuzanso mitu imene ikubwera kutsogolo kuti tiziyendera limodzi.

Anayambitsa ndani?

Tsiku lina atatopa anafunsa kuti, "Kodi anayambitsa zovutazi ndani?" Tinafufuza limodzi, ndipo zimene tinapeza zinatisangalatsa tonse. Ku British Museum mumzinda wa London kuli mpukutu wa gumbwa wa ku Egypt wotchedwa Rhind, umene mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera zaka pafupifupi 1550 Yesu asanabadwe. Muli masamu ofunafuna nambala yosadziwika, ndipo nambalayo ankaitchula ndi liwu lotanthauza mulu. Samu imodzi imafunsa za mulu umene ukauphatikiza ndi gawo lake limodzi mwa magawo 7 umakwana 19. Mwana wathu anaseka nati ndiye kuti kumenekonso ankagula tomato wa pamulu.

Liwu lakuti algebra linachokera ku Chiarabu, al-jabr, m'dzina la buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Limatanthauza kubwezeretsa kapena kulumikiza zothyoka, ndipo liwu lomwelo linkagwiritsidwanso ntchito ponena za kulunzanitsa fupa lothyoka. M'buku lakelo munalibe x. Zonse ankafotokoza m'mawu, pofuna kuthandiza anthu pa malonda, poyeza minda ndi pogawa chuma cha masiye. Chizindikiro cha = anachiyambitsa ndi Robert Recorde, dokotala wa ku Wales, mu 1557, pothawa kulemba mobwerezabwereza mawu akuti n'zofanana. Anasankha timizere tiwiri toyendera limodzi poona kuti palibe zinthu ziwiri zofanana kuposa timeneti. Chizolowezi chotcha nambala zosadziwika x, y ndi z chinafala kuchokera m'buku la René Descartes la mu 1637.

Tinawerengera limodzi kuti anthu anakhala akupeza nambala zobisika kwa zaka zoposa 3,000 x asanabwere. Milu ndi mawu ndizo zinayamba, zilembo zinabwera pambuyo. Ife tinkafuna mwana ayambire kumapeto.

Zimene zinasintha mwa ife

Pa miyezi imeneyo ifenso tinali pasukulu. Tinaphunzira kuti mphindi 20 katatu pa mlungu zimaposa maola awiri a usiku wa mayeso, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Tinasiya kumuphunzitsa ali ndi njala, kapena usiku kwambiri maso akulemera pa kuwala kochepa. Nthawi yabwino inali akaweruka, atadya n'kupumako pang'ono, dzuwa lisanalowe. Tinapangana ndi bambo ake kuti wina mawu akayamba kukwera, mnzake atenge malo, ndipo zikavuta titseke kope mpaka mawa.

Chovuta kuposa zonse chinali kukhala chete. Mwana akagwira pensulo n'kumaganiza, pakamwa pa kholo pamayabwa kuti linene yankho. Tikanena, samu imatha msanga koma mwana amatsala pomwe anali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinazolowera kufunsa kuti, "Wachita chiyani ku mbale iyi? Nanga inayo?" n'kudikira. Tinasiyanso mawu amene tinkawanena mosaganiza pamaso pa ana, akuti kwathu kulibe wa masamu, kapena akuti masamu ndi a anyamata. Ife tinkanena mocheza, koma mwana ankatola n'kusunga, ndipo tsiku lija la lipoti anangotibwezera mawu athu omwe.

Mutu wa Lachiwiri ndi Lachinayi unasiya teremu yachiwiri isanathe. Sitikunena kuti mutu uliwonse wa mwana ndi mantha. Yambani ndi kuchipatala monga tinachitira ife. Koma akakuuzani kuti m'thupi mulibe vuto, yang'ananinso ndandanda wa maphunziro. Teremu imeneyo anapeza 48, yachitatu 64. Sanakhale nambala wani, ndipo pali mitu ina imene ikumuvutabe. Koma lipoti tsopano amatipatsa m'manja.

Madzulo ena chakumapeto kwa chaka tinasuzumira m'kope lake n'kuona kuti mzere wachiwiri uja wasiya kulemba. Tinamupatsa samu ya kusikelo ija, x + 58 = 67, ndipo analemba mwachangu x = 67 − 58.

"Wabwereranso ku zowolotsa zija?" anafunsa bambo ake.

"Ayi, Abambo. Palibe chawoloka. Taonani." Analemba pambali x + 58 − 58 = 67 − 58. "Ndachotsa 58 mbali zonse. Kumanzereku 58 wophatikiza ndi 58 wochotsera adyana, atha. Kumanjaku wochotserayo watsala poyera. Ndiye munthu akadumpha mzere uwu, zimaoneka ngati 58 wawoloka n'kusintha. Pa 3x paja ndimagawa mbali zonse, n'chifukwa chake 3 amakapezeka pansi pa 12."

Bambo ake anatenga kopelo, naliyang'ana nthawi yaitali. Funso limene anatifunsa usiku wa misozi uja, limene ife tinakhala nalo zaka pafupifupi 30 osaliyankha, analiyankha yekha m'mizere iwiri.

Masiku ano Lamulungu m'mawa pakhonde pathu pamabwera ana atatu a anansi athu, ndipo wogwira mthiko ndi iyeyo. Ife timangomva tili kochapa akukuwa kuti, "Waibera mbale iyi!" Nyemba zoyamba zija tinaphika kalekale. Mabokosi akadali pawindo, pakuti mlongo wake walowa Sitandade 7, ndipo wayamba kale kuwagwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati angadziwe kuti muli zingati.